Wofufuza za impso ndi mtima: ntchito yake tiziiyeza ndi manambala kapena ndi odwala?

Phwiti_04:
Moni nonse. Ndabwera ndi dandaulo, mundithandize maganizo. Kusukulu atipatsa ntchito yoti aliyense asankhe wofufuza mmodzi wa zachipatala, alembe phindu lomwe ntchito yake yabweretsa. Ine ndasankha a Barry Brenner, dokotala wa impso wa ku America, amene kwa zaka zambiri adatsogolera nthambi ya impso pa Brigham and Women's Hospital ku Boston. Ndidawasankha chifukwa cha bambo anga. Ali ndi shuga, impso zawo zidayamba kufooka, ndipo adokotala adawapatsa losartan. Bambo ankadandaula kuti awapatsiranji mankhwala a BP pomwe vuto lili ku impso. Pofuna kuwayankha ndidayamba kuwerenga, ndipo paliponse ndinkakumana ndi dzina la a Brenner.

Tsopano anzanga onse m'kalasi angolemba manambala: mapepala angati, atchulidwa kangati, h-index ndi zingati. Ine ndinalemba masamba atatu ofotokoza zomwe a Brenner adapeza pa makoswe ndi momwe zidafikira kwa odwala. Pepala landibwerera ndi mawu ofiira akuti phindu silikuoneka, ndiikemo manambala. Zandipweteka kwambiri. Kodi ntchito ya moyo wonse wa munthu tingaiyeze ndi nambala imodzi?

Kadzidzi:
Pepani achemwali, koma aphunzitsiwo musawakwiyire. Ine ndimagwira ntchito mu laibulale ya pa yunivesite, ndipo manambalawa ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Ali ndi ntchito yake. H-index adaiyambitsa a Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku San Diego, mu 2005. Munthu akakhala ndi h-index ya 40, ndiye kuti ali ndi mapepala 40 omwe lililonse latchulidwa ndi ofufuza anzake kosachepera ka 40. Ubwino wake ndi woti munthu wolemba mapepala mazana osawerengedwa ndi aliyense sangakwere nayo, komanso wa pepala limodzi lotchuka sangakwere nayo. Popanda muyezo wina uliwonse, aliyense akhoza kumangonena kuti wofufuza amene amamukonda ndiye wamkulu kuposa onse.

Chiphaliwali:
Kutchulidwa si kuyamikiridwa ayi. Pepala la a Andrew Wakefield la mu 1998 lonena za katemera, lomwe magazini ya The Lancet idalichotsa mu 2010, latchulidwa kambirimbiri, ambiri akulitsutsa. Nalonso tinene kuti lili ndi phindu?

Kadzidzi:
Pamenepo mwanena zoona, ndipo ife a m'laibulale timadziwa. N'chifukwa chake mu 2012 akonzi a magazini ndi ofufuza adagwirizana ku San Francisco chikalata chotchedwa DORA, chonena kuti munthu asamayezedwe ndi kutchuka kwa magazini yomwe walembamo. Koma kukana kuti nambala ikhale woweruza yekha n'kosiyana ndi kuitaya.

Gogo_Nkhwazi:
Mwanawe Phwiti, wasankha bwino. Ine ndinagwira ntchito ya udokotala mpaka kupuma, ndipo ndinaona nthawi ziwiri zonse: pomwe wodwala impso tinkangomuyang'ana akutsika, ndi pomwe tidayamba kukhala ndi china chake m'manja. Ndilembe motalikirapo, mundikhululukire.

Impso iliyonse ili ndi timasefa ting'onoting'ono totchedwa ma nephron, pafupifupi miliyoni imodzi. Pa tsiku timasefati timasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, ambiri mwa iwo n'kubwerera m'thupi. Chomwe chinkatizunguza mutu ndi ichi: munthu akadwala matenda owononga gawo la impso, ngakhale matendawo atatha, impso zinkapitirizabe kufooka chaka ndi chaka mpaka kufa. Chikuzidya n'chiyani poti mdani wapita?

A Brenner ndi anzawo adagwiritsa ntchito mtundu wa makoswe otchedwa Munich-Wistar, omwe timasefa tawo tina tili pamwamba penipeni pa impso. Ankalowetsa kachubu kagalasi kopyapyala kuposa tsitsi m'kasefa kamodzi, khoswe ali moyo, n'kuyeza mphamvu yomwe magazi akukankha nayo m'katimo. Mu 1981, m'pepala lomwe dzina loyamba linali la a Thomas Hostetter, adaonetsa kuti ukachotsa gawo lalikulu la impso za khoswe, timasefa totsalato timasenza katundu wa tinzawo. Magazi amalowamo ambiri, amakankha kwambiri, ndipo poyamba zimaoneka ngati thupi ladzipulumutsa. Koma kukankhako kumavulaza kasefa, puloteni imayamba kudontha n'kupita mumkodzo, kasefa kamachita chipsera n'kufa. Kakafa, katundu wake amagwera totsala, ndipo nato timafa msanga. Mu 1982 adalemba ganizoli mu New England Journal of Medicine.

Chimene chidasintha zinthu ndi cha mu 1986. A Sharon Anderson, a Helmut Rennke ndi a Brenner adatenga makoswe oterewa n'kuwagawa. Ena adawapatsa enalapril, ena mankhwala atatu akale a BP ophatikiza. BP ya thupi lonse idatsika m'magulu onse awiri. Koma impso zidatetezeka mwa a enalapril okha, chifukwa mankhwalawa ndi amene adatsitsa kukankha kwa magazi m'kati mwa kasefa. Kasefa kali ndi mtsempha wolowetsa magazi ndi wina wotulutsa. Chinthu china cha m'magazi chotchedwa angiotensin chimafinya wotulutsawo, monga momwe umafinyira kumapeto kwa payipi ya madzi, mphamvu n'kukwera m'kati. Enalapril ndi losartan amamasula pofinyidwapo.

Ndiye ukawauze bambo ako kuti adokotala sadalakwitse botolo. Mankhwala a BP omwewo ndiwo a impso.

Phwiti_04:
Agogo, zikomo kwambiri. Chitsanzo cha payipichi bambo achimva msanga kuposa masamba anga atatu aja.

Chiphaliwali:
Zonsezo ndi makoswe. Khoswe si munthu. Ndipo amene adaonetsa zimenezi koyamba pa kafukufuku wamkulu wa anthu si a Brenner, ndi a Edmund Lewis mu 1993, pa odwala 409 a shuga ya mtundu woyamba, ndi captopril, m'bale wake wa enalapril. Ulemu upite kwa mwini wake.

Gogo_Nkhwazi:
Achimwene, zimenezo n'zoona ndipo Phwiti azilembe. Kafukufuku wa a Lewis adapeza kuti captopril adachepetsa ndi pafupifupi theka chiopsezo choti creatinine (chinyalala cha m'magazi chomwe chimakwera impso zikafooka) iwirikize kawiri. Koma dzifunseni kuti a Lewis adayeseranji captopril pa impso, osati mankhwala ena aliwonse a BP. Njira idali italambulidwa ndi makoswe aja. Kenaka mu 2001 a Brenner eni ake adatsogolera kafukufuku wotchedwa RENAAL: odwala 1,513 a shuga ya mtundu wachiwiri okhala ndi impso zowonongeka, m'maiko 28, owatsatira kwa zaka zoposa zitatu. Losartan adachepetsa ndi 28 peresenti chiopsezo chofika poti impso zasiyiratu kugwira ntchito, ndipo kugonekedwa m'chipatala koyamba chifukwa cha kufooka kwa mtima kudatsika ndi 32 peresenti. Munthu mmodzi kuchoka pa kachubu ka galasi m'khoswe mpaka kafukufuku wa m'maiko 28, si ambiri adayenda ulendo umenewu.

Chiphaliwali:
Munenenso kuti mu RENAAL imfa sizidachepe, ndiponso ndalama zake zidachokera ku Merck, kampani yomwe inali mwini wake wa losartan.

Gogo_Nkhwazi:
Zonse ziwiri n'zoona. Imfa sizidasiyane pakati pa magulu awiriwo. Za ndalama, kafukufuku wamkulu wa mankhwala ambiri amalipiridwa ndi makampani, ndipo n'koyenera kukhala maso. Chomwe chimandilimbitsa mtima n'chakuti m'magazini yomweyo, tsiku lomwelo, mudatulukanso kafukufuku wa a Lewis wa irbesartan, mankhwala a gulu la losartan koma a kampani ina, ndipo adapeza zofanana.

Namwino_wa_usiku:
Ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito. Ine ndimagwira m'chipinda cha makina otsuka magazi, ndiye mawu akuti imfa sizidachepe ndimawamva mosiyana ndi inu a Chiphaliwali. Munthu wa pa makinawa, omwe timati dayalisisi, amabwera katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, singano ziwiri zikuluzikulu pa mkono. Madzi akumwa amachita kuyezeredwa. Akamatuluka amakhala wolefuka, ena amagona tsiku lonse lotsala. Ntchito ambiri imawathera pomwepo. Mukamuchedwetsera munthu zimenezi ndi zaka ziwiri kapena zitatu, mwamupatsa zaka zoti agwire ntchito, alere ana, ayende ulendo osawerenga masiku a makina. Pa h-index zaka zimenezo sizioneka. Ine ndimaziona pa mpando womwe sunakhalidwe.

Mkanda_wofiira:
A Namwino mwandigwira mtima. Ine ndine mmodzi wa amene tikuthawa mpando umenewo. Ndakhala ndi shuga zaka 14. Zaka zisanu zapitazo ndinayamba kuona thovu mumkodzo, losaphwa msanga, ndipo madzulo mapazi ankatupa moti nsapato zinkandithina. Kuchipatala china komwe ndinkapita ankangondiyeza shuga ndi BP, mkodzo sadaupemphepo ngakhale kamodzi. Nditasintha, dokotala watsopano tsiku loyamba lomwelo anandipatsa kabotolo. Puloteni inali yambiri. Anandiyambitsa enalapril, koma anandipatsa chifuwa chouma chosagonetsa, ndiye anandisinthira ku losartan. Patatha masabata awiri creatinine inakwera pang'ono, ine mantha, ndinafuna kusiya. Dokotala anandikhazika pansi n'kundiuza kuti kukwera pang'ono koyambirira kumasonyeza kuti mankhwala achepetsa katundu pa timasefa, ndipo bola kusapitirire malire. Lero eGFR yanga, nambala yosonyeza mphamvu ya impso posefa, ikutsikabe, koma pang'onopang'ono kwambiri. Dzina la a Brenner ndalimva lero lomwe pano.

Phwiti_04:
Amayi, mawu anu omalizawo ndi omwe ndimafuna kunena m'pepala langa. Anthu amene athandizidwa kwambiri sadziwa n'komwe dzina la wofufuzayo, ndipo sangamutchule m'pepala lililonse.

Kadzidzi:
Koma onani, achemwali, pali njira yowerengera zimenezo. Mukhoza kufufuza ngati ntchito ya munthu yalowa m'malangizo omwe madokotala amatsatira, monga a bungwe la KDIGO a matenda a impso. Pepala lotchulidwa m'malangizo otero lafika pa bedi la wodwala. Palinso buku la Brenner and Rector's The Kidney, lomwe lidatuluka koyamba mu 1976 ndipo lakhala likusindikizidwanso mpaka lero. Madokotala a impso ambirimbiri adaphunzira m'menemo. Amenewonso ndi manambala, kungoti ndi abwino kuposa h-index.

Lumbe_wa_labu:
Ndiloleni ndiike mawu a ife ogwira ntchito mu labu. Pepala likatuluka, anthu amakumbukira dzina lomaliza, la bwana. Koma amene adakhala pa maikulosikopu maola asanu ndi limodzi akulowetsa kachubu m'kasefa kosaoneka ndi maso, dzanja osanjenjemera, kawirikawiri ndi wachinyamata amene dzina lake lili pakati kapena kumapeto m'mawu othokoza. A Hostetter, a Anderson, a Roberto Zatz wa ku Brazil amene adachita za makoswe a shuga mu 1986, a Timothy Meyer, onsewa adadzakhala akatswiri paokha. Kwa ine phindu lalikulu la a Brenner ndi limenelo, anthu amene adadutsa m'manja mwawo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mu sayansi mwambiwu ndi woona kuposa kwina kulikonse.

Chiphaliwali:
Ndiye tikugwirizana. Nkhani ya munthu mmodzi wamkulu ndi nthano.

Lumbe_wa_labu:
Ayi, sindinatero. Labu yopanda munthu wofunsa funso labwino imangotaya makoswe. Ndagwirapo m'labu yotero.

Tsokonombwe7:
Pepani ndikupatutseni pang'ono. Ndinamva kuti captopril adachokera ku njoka. Zoona?

Gogo_Nkhwazi:
Zoona ndithu. A Sérgio Ferreira a ku Brazil mu 1965 adapeza chinthu china mu ululu wa njoka yotchedwa jararaca, yomwe ikaluma munthu BP imagwa. Pambuyo pake kudadziwika kuti chinthucho chimatseka enzyme yomwe imapanga angiotensin wofinya mitsempha uja. A David Cushman ndi a Miguel Ondetti a ku kampani ya Squibb adatengera pamenepo n'kupanga captopril, amene adavomerezedwa ku America mu 1981. M'piritsi mulibe ululu wa njoka, musaope. Adangotengera kapangidwe.

Ndipo mukabwerera m'mbuyo, mzerewu ndi wautali. A Richard Bright a pa Guy's Hospital ku London mu 1827 adalumikiza kutupa kwa thupi, puloteni mumkodzo ndi impso zowonongeka, ndipo mu 1836 adalemba kuti ambiri mwa odwalawa mtima wawo unali wokula. A Robert Tigerstedt ndi a Per Bergman ku Stockholm mu 1898 adapeza renin, chinthu chokweza BP, mu impso za akalulu. Ntchito yawo idagona zaka zoposa makumi atatu anthu osailabadira. Idadzuka a Harry Goldblatt ku Cleveland atafinya mtsempha wa impso ya galu mu 1934, BP ya galuyo n'kukwera.

Chiphaliwali:
A Kadzidzi, a Tigerstedt mukadawapatsa h-index yanji mu 1920?

Kadzidzi:
Yotsika, pa ntchito ya renin. Ndavomera. Muyezowu umaona zomwe anthu a nthawi yako akuzithamangira.

Nthambi_yaing'ono:
Ine funso langa ndi lina, koma likukhudza a Brenner omwewo. Mwana wanga anabadwa miyezi isanakwane, pa masabata 31, wolemera makilogalamu osakwana awiri. Pano ali ndi zaka 9, ndi wathanzi, amathamanga ngati anzake. Koma dokotala wa ana anandiuza kuti moyo wake wonse aziyezetsa BP, ndipo ananena kuti n'chifukwa cha impso. Sindinamvetse, ndipo ndinachita manyazi kufunsanso. Wina andimasulire chonde.

Gogo_Nkhwazi:
Mayi, dokotala wanuyo ndi wosamala, mumusunge. Timasefa ta impso timapangidwa mwana ali m'mimba, ndipo kupangidwako kumatha cha m'ma sabata 36. Pambuyo pake thupi silipanganso tatsopano. Mwana wobadwa msanga kapena wochepa thupi kwambiri akhoza kuyamba moyo ndi timasefa tochepa. Mu 1988 a Brenner, a Diego Garcia ndi a Anderson adalemba ganizo lakuti munthu wa timasefa tochepa amavutika kutaya mchere, ndiye BP imakwera msanga, ndipo timasefa tochepato timalemedwa monga ta makoswe aja. Panthawiyo linali ganizo chabe. Mu 2003 ofufuza a ku Germany adawerenga timasefa mu impso za anthu omwalira pa ngozi, khumi a BP yokwera ndi khumi opanda. A BP adali ndi pafupifupi 700,000 pa impso, enawo pafupifupi 1.4 miliyoni. Anthu 20 ndi ochepa, koma kusiyanako kunali kwakukulu. A Valerie Luyckx apitiriza kwambiri ntchito imeneyi.

Izi sizikutanthauza kuti mwana wanu adzadwala. Ana ambiri obadwa msanga amakula bwinobwino. Chofunika ndi kumuyeza BP nthawi ndi nthawi, asanenepe mopitirira, mchere ukhale wochepa, ndipo akadzakula aziuza dokotala aliyense kuti adabadwa pa masabata 31.

Nthambi_yaing'ono:
Zikomo agogo. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti pali china chomwe anandibisira. Mtima wakhala pansi.

Namwino_wa_usiku:
Ndiwonjezere kwa mayi ndi kwa onse: mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac musamawamwe ngati maswiti, makamaka ngati impso ndi zofooka kapena mukumwa enalapril, losartan ndi mankhwala okodzetsa. Ndalandirapo anthu amene impso zinaima chifukwa cha kuphatikiza kumeneku pa nthawi yomwe ankatsegula m'mimba. Ndipo amayi oyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati, enalapril ndi losartan amavulaza mwana m'mimba. Uzani dokotala msanga akusinthireni.

Phwiti_04:
Tibwerere ku pepala langa pang'ono. Mutu wake uli ndi impso ndi mtima, koma ndikuona kuti tanena zambiri za impso. Mbali ya mtima ndiiyike bwanji?

Mphepo_ya_kumpoto:
Ine ndimagwira ku mbali ya mtima, ndiye ndiyankhe. Chinthu chomwe odwala impso ambiri sadziwa n'chakuti ambiri mwa iwo safika n'komwe pa dayalisisi, mtima umawatenga kaye. Amene adaonetsa kukula kwa vutoli ndi a Alan Go ndi anzawo mu 2004, pa anthu oposa 1.1 miliyoni ku California. Pamene eGFR inkatsika, imfa ndi matenda a mtima zinkakwera ngati makwerero. Amene eGFR yawo inali pansi pa 15 chiopsezo chawo cha imfa chinali pafupifupi kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi a impso zabwino.

Zifukwa zake n'zomveka. Impso zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi omwe mtima umapopa. Zikafooka zimasunga mchere ndi madzi, BP imakwera, mtima umapopa molimbana ndipo mnofu wake umakhuthala. Magazi amachepa chifukwa impso ndizo zimapanga erythropoietin, chinthu chouza thupi kupanga magazi. Mitsempha imauma ndi kashiamu. Mbali inayo, mtima ukafooka impso zimalandira magazi ochepa, komanso magazi obwerera amadzadza m'mitsempha ya impso. A Claudio Ronco a ku Vicenza mu 2008 adagawa kudwalitsana kumeneku m'mitundu isanu, ndipo mu 2023 American Heart Association idayamba kunena za mtima, impso, shuga ndi kunenepa ngati vuto limodzi.

Ndiye achemwali, musavutike kufuna pepala la a Brenner lokhala ndi mawu oti mtima pamutu. Lembani kuti mankhwala omwe adaonetsa kuti amateteza impso ndi omwenso ife timapereka kwa wofooka mtima, ndipo mu RENAAL zonse ziwiri zidaoneka mwa odwala omwewo.

Chiphaliwali:
Koma si zonse zomwe adanena zidatheka. Pepala la 1982 lija mutu wake unali wa puloteni ya m'zakudya. Ankati kudya puloteni wochepa kuteteza impso. Kafukufuku wa MDRD wa mu 1994, wa odwala 840, sadapeze phindu lomveka bwino. Zimenezo Phwiti azibisa?

Phwiti_04:
Sindibisa, achimwene. Ndinali ndisanazione, ndiziwerenga usiku uno.

Gogo_Nkhwazi:
Uzilembe ndithu, mwanawe, pepala lako lidzalemera nazo. Pa makoswe kuchepetsa puloteni kudagwira ntchito kwambiri, pa anthu phindu lidakhala laling'ono, ndipo munthu ukamumana puloteni mopitirira amawonda n'kufooka. Palinso phunziro lina lowawa. Ife madokotala tidaganiza kuti ngati enalapril ndi wabwino ndipo losartan ndi wabwino, kuphatikiza mitundu iwiriyi kuposa. Ambiri tidapereka motero, inenso ndidaperekapo. Kafukufuku wa ONTARGET mu 2008, pa anthu oposa 25,000, adaonetsa kuti kuphatikiza ramipril ndi telmisartan, a mitundu iwiri yomweyi, sikuwonjezera chitetezo, koma kumawonjezera mavuto a impso ndi kukwera kwa potaziyamu. Ndimawakumbukirabe odwala anga a nthawi imeneyo. Ganizo likhoza kukhala lolondola, koma aliyense wa ana ake ayenera kuyesedwa payekha.

Mphepo_ya_kumpoto:
Ndipo mwana wina wa ganizoli wabadwa posachedwa. Mankhwala a SGLT2, monga dapagliflozin ndi empagliflozin, adapangidwa kuti azitayitsa shuga mumkodzo. Mu 2015 kafukufuku wa EMPA-REG OUTCOME, wa odwala 7,020, adadabwitsa aliyense poonetsa kuti imfa za mtima zidachepa. Kenaka padabwera makafukufuku a impso: CREDENCE mu 2019 motsogozedwa ndi a Vlado Perkovic, DAPA-CKD mu 2020 motsogozedwa ndi a Hiddo Heerspink a ku Groningen, ndi EMPA-KIDNEY ya ku Oxford ya odwala 6,609. Mu DAPA-CKD, ya odwala 4,304, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse adalibe shuga n'komwe, koma impso zidatetezekabe, ndipo imfa zidatsika ndi 31 peresenti. Ofufuza akamafotokoza chifukwa chake, chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu n'chakuti mankhwalawa amachepetsa kukankha kwa magazi m'kasefa, makamaka pofinya pang'ono mtsempha wolowetsa. Losartan amatsegula khomo lotulukira, awa amachepetsa khomo lolowera. Ndi chilankhulo cha makoswe a mu 1981 chomwe chija.

Mkanda_wofiira:
Dapagliflozin anandiwonjezera chaka chatha. Anandichenjeza za ukhondo wa kumalo obisika chifukwa shuga wa mumkodzo amabweretsa zoyabwa, komanso kuti ndikadwala kwambiri, kusanza kapena kusadya, ndiyambe ndaimitsa n'kufunsa dokotala. Mpaka pano zikuyenda.

Kadzidzi:
Apa pali chinthu chomwe ife timachidziwa bwino. Ganizo likakhazikika kwambiri, anthu amasiya kutchula mwini wake, limangokhala chinthu chodziwika ndi aliyense. Wolemba za dapagliflozin lero akhoza kunena za kulemedwa kwa timasefa osatchula pepala la 1981. Ndiye pamene ntchito ya munthu yapambana kotheratu, m'pamene manambala ake amayamba kunama motsitsa. Ndikuvomereza zimenezi ngakhale ndinayamba ndi kuteteza manambala.

Tsokonombwe7:
Nanga amene amapereka impso imodzi kwa m'bale wake? Malinga ndi ganizoli, yotsalayo siilemedwa n'kufa? Mlongo wanga akuganiza zopereka kwa mwamuna wake.

Gogo_Nkhwazi:
Funso labwino. Yotsalayo imakuladi n'kusenza ntchito yambiri. Koma kuchotsa theka mwa munthu wathanzi, woyezedwa bwino, n'kosiyana ndi makoswe aja omwe ankatsala ndi kachigawo kakang'ono. Opereka impso ambiri amakhala moyo wautali wabwinobwino. Chiopsezo choti impso idzalephere chimakwera pang'ono poyerekeza ndi anthu athanzi ofanana nawo, koma chimakhalabe chaching'ono. N'chifukwa chake asanalole, madokotala amayeza BP, shuga, mkodzo ndi mbiri ya kubanja, ndipo akapereka aziyezetsa chaka chilichonse. Mlongo wanu afunse mafunso onse kwa gulu lomwe lidzachite opaleshoniyo, ndipo asankhe popanda womukakamiza.

Namwino_wa_usiku:
Chomwe chimandiwawa ine n'chakuti zonsezi zadziwika kwa zaka zoposa makumi awiri, enalapril ndi losartan ali paliponse, koma anthu akubwerabe kwa ife impso zitatha kale, ndipo ukawafunsa, palibe adawayezapo mkodzo. Matenda a impso salira. Munthu akhoza kutaya theka la mphamvu ya impso osamva kalikonse. Phwiti, ngati m'pepala lako muli malo, ulembemo kuti phindu la wofufuza limaima pa khomo la chipatala ngati wa shuga ndi wa BP sapatsidwa kabotolo ka mkodzo kamodzi pa chaka.

Chiphaliwali:
Limenelo si vuto la wofufuza.

Namwino_wa_usiku:
Sindinati ndi vuto lake. Ndati ndi pomwe ntchito yake imathera ikapanda kunyamulidwa ndi ena.

Phwiti_04:
Ndawerenga zonse kawiri. Pepala ndililembanso motere: manambala ndiwaika, a Kadzidzi, ndime imodzi, pamodzi ndi malangizo a KDIGO ndi buku lija, ndipo ndifotokoza chifukwa chake sakwanira, ndi chitsanzo cha a Tigerstedt. Kenaka mzere wochoka ku makoswe a 1981, kudzera mwa a Lewis ndi RENAAL, kufika ku DAPA-CKD. Za puloteni ndi ONTARGET zilowa, a Chiphaliwali, komanso za Merck. Maina a a Hostetter, a Anderson ndi a Zatz akhala m'ndime yoyamba, osati kumapeto. Amayi a Mkanda_wofiira, mungandilole nditchule nkhani yanu popanda dzina?

Mkanda_wofiira:
Lembani mwanawe. Mutchulenso za thovu mumkodzo, mwina wina awerenga n'kupita kukayezetsa. Bambo anu anawayeza liti potaziyamu ndi creatinine chiyambireni losartan?

Phwiti_04:
Anawayeza patatha masabata awiri atayamba, kenaka mwezi wa Febuluwale. Tsiku lawo lotsatira ndi Lachinayi likudzali, ndipita nawo, ndipo ndikafunsa ngati dapagliflozin angawayenere.